Kuchoka pa Mamota a Zigayo Kufika pa Makabati a M'labotale

Bizinesi yathu inayamba ku Luwinga, mumzinda wa Mzuzu, ngati malo okulungira mawaya a mamota a zigayo ndi mapampu a madzi. Ntchito ya m'malabotale inatipeza pamene oyeza makhololo a odwala chifuwa chachikulu anayamba kutifunsa za mafani a makabati awo otetezera ku tizilombo.

Kabati ya Class II, mtundu wa A2, imayenera kukoka mpweya pakhomo pake pa liwiro losachepera mamita 0.51 pa sekondi malinga ndi muyezo wa ku America wa makabati otere wotchedwa NSF/ANSI 49, ndipo pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a mpweya wa mkatimo amabwereranso pamalo ogwirira ntchito atadutsa m'sefa ya HEPA (sefa yogwira tizilombo ndi fumbi losaoneka ndi maso), pomwe otsalawo amasefedwa n'kutulutsidwa. Vuto la mota yakale ya AC yoyendetsa fani ya kabatiyi ndi lakuti sefa ikamadzaza fumbi, mpweya umachepa pang'onopang'ono ngakhale faniyo ikulirabe bwinobwino, kufikira wina atayeza n'kukweza liwiro pamanja. Mota yamakono yotchedwa ECM ili ndi maginito ndi bolodi loiwongolera, choncho imawonjezera yokha mphamvu sefa ikayamba kulimba, imadya magetsi ochepa, komanso siitenthetsa chipinda kwambiri, zomwe ogwira ntchito ku Karonga amayamikira msanga kuposa ife a kuno kozizira.

Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo funso la makasitomala athu linasintha: sankafunsanso mtengo wa kabati yokha, koma kuti iyaka maola angati pa mabatire a sola. Apa mpamene tinasankha kukhazikika pa mamota a ECM.

Komabe sitibisa kuipa kwa mamota amenewa. Mota yakale ikapsa timaikulunga pano pomwe, koma bolodi la ECM likapsa ndi magetsi obwera mwamphamvu, lina liyenera kuchokera ku Johannesburg, ndipo ndalama zakunja n'zovuta kupeza. N'chifukwa chake sitilumikiza kabati popanda chida choteteza ku magetsi otere. Timakananso kuika mota imene wopanga kabatiyo sanaivomereze, ngakhale kukanako kumatitayitsa makasitomala ena, ndipo sititsegula mbali ya fani tisanaphe tizilombo ndi mankhwala. Tikamaliza kukonza, kabatiyo sigwiritsidwa ntchito kufikira liwiro la mpweya ndi sefa zitayezedwanso ndi katswiri wovomerezeka.