Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Nditavula yunifolomu

Ndinatuluka pa geti ya Cobbe Barracks ku Zomba komaliza mu 2012, nditanyamula chikwama chimodzi ndi kalata yondithokoza. Chaka chimenecho mu May kwacha inagwetsedwa mphamvu, ndipo kandalama kondiperekeza kamene ndinkadalira kanayamba kusungunuka ndisanakagwire n'komwe. Thumba la simenti linakwera, malata anakwera, nyumba imene ndinkaiona m'maloto inathera pa maziko.

Msilikali akapuma, ntchito imene imamupeza msanga ndi ya ulonda. Inenso inandipeza. Mnzanga amene tinaphunzira limodzi usilikali ku MAFCO ku Salima anandiitana kuti ndikakhale woyang'anira alonda pa kampani ina ku Blantyre. Sindinyoza ntchito imeneyi, yalera ana ambiri. Koma nditamva malipiro ake ndinawerengetsera lendi, chakudya ndi fizi ya ana atatu, ndipo ndinaona kuti pofika pa 15 tizikhala titayamba kale katapila.

Masiku omwewo nkhani inali m'kamwam'kamwa inali ya njanji yatsopano imene kampani ya Vale ya ku Brazil inkamanga, yotenga malasha ku Moatize ku Tete kudutsa ku Mwanza ndi Neno, kukalumikiza pa Nkaya ku Balaka, ulendo wa ku doko la Nacala. Mlamu wanga ankagwira kumeneko ngati wothandiza amisiri. Atabwera kumapeto kwa mwezi anandiuza mosabisa: "Alamu, kumeneko olandira ndalama ndi owotcherera zitsulo, amakaniki ndi oyendetsa makina. Ife onyamula zitsulo timangopsa ndi dzuwa. Pezani pepala."

Usiku umenewo tinakambirana ndi mayi a kunyumba mpaka tambala woyamba. Iwo ankafuna ulonda uja chifukwa unali m'manja kale. Anati, "Bambo a ana, mukabwerere kusukulu pa msinkhu wanuwu, ife tizidya chiyani?" Funso lawo linali loona, ndipo ndinalibe yankho lokoma. Tinagwirizana kuti iwo ayambe geni ya mandasi ndi tomato, ine ndipatsidwe chaka chimodzi. Chikatha osaoneka kanthu, ndikavale yunifolomu ya ulonda.

Ku makoleji a ntchito zamanja monga Soche ndi Nasawa, malo odzera ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ankalimbirana achinyamata ongomaliza Fomu 4, ndipo maphunziro ake ndi a zaka zingapo. Ine ndinalibe zaka zimenezo. Ndinasankha njira ya Trade Test, imene munthu amaphunzira kwa mmisiri n'kukayesedwa mayeso a boma, kuyambira Grade 3, kenako 2, mpaka 1. Ndinapeza malo ophunzirira kuwotcherera zitsulo pa kashedi kena ku Ndirande, kopanga mageti, mafelemu a mawindo ndi mabedi.

Mwini wake anali mnyamata woti ndikanatha kumubereka kumsana ali khanda. Ine amene ndinkati ndikakuwa anyamata makumi atatu ankaima njo, ndinayamba ndi kusesa, kudula zitsulo ndi kupala dzimbiri. Ankanditchula kuti "madala", mwaulemu ndithu, koma ntchito ikalakwika sankandinyengerera. Tsiku loyamba kugwira rodi yowotcherera, inkangokakamira pachitsulo. Ndikaikoka, moto n'kuzima. Iye anagwira dzanja langa n'kunena, "Madala, musaibaye ngati mukulimbana nayo. Ikhwekhwerezeni ngati mukuyatsa machesi, kenako muikweze pang'ono, mumvere kulira kwake." Nditagogoda chikhungwa chakuda chotsalira pamwamba pa powotcherera ndi kahamala, pansi pake panali mzere wokhotakhota ngati njira ya chiswe, koma zitsulo ziwiri zinali zitagwirana. Kachidutswa kameneko ndikusungabe m'kabati.

Sabata yachiwiri ndinachita liuma, ndinawotcherera kangapo osatsitsa chigoba cha kumaso. Pakati pa usiku maso anayamba kuwawa ngati wina wathiramo mchenga, misozi osaleka. Mayi a kunyumba anakhala nane mpaka kucha, akundiika kansalu konyowa. Sanandikumbutse za ulonda ngakhale kamodzi, ndipo mpaka lero ndimawalemekeza chifukwa cha usiku umenewo.

Usilikali unandithandiza m'njira imene sindinkayembekeza. Kufika 6 koloko osati 8, kupukuta chida ukamaliza ntchito, kubwereza chinthu chimodzi kambirimbiri osadandaula, zonsezi zinali kale m'magazi. Magetsi akathima anzanga ankapita ku bawo, ine ndinkatsala ndikuphunzira kuwerenga tepi ndi zojambula za ntchito.

Nditapambana Grade 3, mlamu uja anaimba foni kuti kumsasa wa njanji ku Neno akuyesa owotcherera Lolemba likubweralo. Anandichenjeza kuti kumeneko sayang'ana pepala lokha. Amakupatsa zitsulo ziwiri zochindikala, uwotcherere choimirira, kenako amazipinda pa makina kuti aone ngati zithyoke. Ndinabwereka ndalama ya minibasi kwa mayi a kunyumba, kuchokera m'kachitini ka mandasi. Zimene zinachitika Lolemba limenelo ndidzakuuzani m'gawo 10.