Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsiku limene dokotala anatsina chala changa cha kuphazi

Nditamaliza gawo lapitalo, lija la maliro a amayi, ndinkaganiza zoyamba ndapuma. Koma mauthenga anu sanandilole. Inu achemwali a ku Cosmo City amene munati munawerenga muli m'takisi misozi ili chuchuchu, Mulungu akudalitseni. Inunso amene mwakhala mukufunsa kuti za miyendo zija zinatha bwanji, khalani pansi ndikuuzeni.

Mukukumbukira kuti miyendoyi inayamba kukula nditangotha msinkhu, tili ku Chikwawa. Kumtunda ndinali wochepa thupi, koma kuyambira m'chiuno kutsika ngati thupi la munthu wina. Kuchigwa kwathu kuja anthu amadziwa matenda otupitsa miyendo ofalitsidwa ndi udzudzu, ndiye ena ankati ndi amenewo, ena ankati ndinaponda mankhwala. Mphini za asing'anga zidakalipo pa akatumba angawa. Ndinakwatiwa, ndinabereka, miyendo inawonjezeka pa nthawi ya mimba, banja linatha, ndinakwera basi ya ku Joni.

Kuno ululu ndiye unafika pena. Ntchito ya m'nyumba ndi yoimirira tsiku lonse, ndipo pofika pokwerera matakisi pa Bree madzulo miyendo inkalemera ngati ndamangirira matumba a mchenga. Kungogundidwa pang'ono ndi chikwama cha munthu m'takisi, mawa lake pamalopo pabiriwira. Kamwana ka abwana kakandikwera pamiyendo ndinkaluma mlomo kuti ndisakuwe. Kukiliniki ina anandikweza pasikelo, osandigwira n'komwe, n'kundiuza kuti ndichepetse kudya. Kwina anandipatsa mapilisi okodzetsa. Ndinakodza usiku wonse, miyendo ili chomwecho.

Ndinamvera. Nsima ndinasiya, buledi ndinasiya, tiyi wopanda shuga, madzulo kabichi yekha. Nkhope inagwa, mafupa a m'khosi anatulukira, malaya onse anakhwepa, koma siketi yomweyo inkathina pomwepo. Ndiye kunong'onezana kunayamba kutchalitchi ku Rosettenville, kuti wowonda nkhope chonchi ndiye kuti ali ndi kachilombo. Alamu, ndikudziwa kuti mumawerenga ngakhale simulemba kanthu. Ndinu munanena pamaso pa amayi a chigwirizano kuti mabala obiriwira aja akundimenya ndi mwamuna wamwini amene ndikumubisa. Tsiku limenelo ndinali ndisanadye chilichonse chiyambire dzulo lake. Ndinayenda wapansi mpaka ku Turffontein ndikulira, ntchafu zikukhulana mpaka kusupuka. Ndinakukhululukirani, koma ndalemba kuti mudziwe kuti ndinamva.

Thandizo linabwera kudzera kwa agogo, mayi awo a abwana, aja anachitidwa opaleshoni ya khansa ya bere n'kutupa mkono. Kunyumba kunkabwera mayi wa mafizo kudzawasisita. Tsiku lina ndikukolopa mayi wa mafizoyo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandifunsa mwaulemu ngati miyendo yanga imapweteka ikagwidwa. Chibadwire palibe anali atandifunsapo funso limeneli. Onse ankafunsa zimene ndimadya. Anandilembera kalata yopita kwa dokotala wa mitsempha, ndipo abwana analipira ulendo woyambawo.

Dokotalayo anandiuza kuti ndivule nsapato. Anawerama n'kutsina khungu la pamwamba pa chala chachiwiri cha kuphazi, khungu linanyamuka bwinobwino. Anati kuyesa kumeneku amakutchula dzina la Stemmer: mwendo ukatupa chifukwa cha madzi a m'thupi otchedwa lymph amene atsekeka, matenda amene amati lymphedema, khungu la pamenepo limalimba, silitsinika, ndipo phazi nalo limatupa. Anga mapazi ndi ang'onoang'ono, mafuta amathera pa akakolo ngati pamangidwa chingwe. Anadina ndi chala pamsongolo, sipanatsale dzenje. Anandigwiritsa ndekha ntchafu yanga kuti ndimve timibulu tokhala ngati nandolo pansi pa khungu. Miyendo yonse iwiri inali yofanana ndendende. Magazi anayeza, koma pofuna kutsimikiza kuti vuto si impso kapena chithokomiro, anamvetsera mtima, anaunikanso mitsempha ndi makina. Matenda angawa alibe kuyeza kwa magazi kowaonetsa, dokotala amawadziwa ndi maso, manja ndi mbiri ya wodwalayo.

Kenaka anafunsa kuti, kodi amayi anu miyendo yawo inali yotani?

Ndinalephera kuyankha. Ndinaona amayi atakhala pamkeka pakhonde, atatambalala, akudzisisita mawondo ndi mafuta ophikira. Ndinakumbukira apongozi awo akuwanena ulesi chifukwa ankapumira kawiri popita kudimba. Ndinakumbukira chitenje chimene ankachimanga mpaka pansi ngakhale kutenthe bwanji, ndipo inu a ku Chikwawa mukudziwa kutentha kwa mu Okutobala. Ndinalira m'chipinda muja mpaka nesi anabweretsa madzi.

Dzina la matenda angawa ndi lipedema. Ndi mafuta odwala amene amaunjikana m'chiuno, m'ntchafu ndi m'miyendo, ena mpaka m'mikono. Amagwira pafupifupi akazi okhaokha, amayenda m'mtundu, ndipo amayamba kapena kukula pa kutha msinkhu, pa mimba, ndi pamene mayi akusiya kusamba. Mafuta amenewa samvera njala ngati mafuta ena, ndipo mapilisi okodzetsa sawathandiza. Madokotala awiri a ku Mayo Clinic ku America, Allen ndi Hines, anawalemba matendawa mu 1940. Amayi anga anali asanabadwe. Anabadwa, anakula, anatilera, anamwalira akudziona ngati munthu waulesi, dzina la vuto lawo lili m'mabuku. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO nalo linachedwa: matendawa anapatsidwa nambala yawoyawo m'ndandanda watsopano wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. N'chifukwa chake manesi aja sindiwasungira mkwiyo waukulu, ngakhale ndimanenabe kuti akanangondigwira mwendo.

Ndisakunamizeni, mankhwala ochiziratu palibe. Ine anandipeza pa siteji yachiwiri, pamene khungu layamba mabampu koma minofu isanayambe kulendewera. Anandiyeza ndi tepi n'kundiitanitsira masitonkeni othina, olimba ngati nsalu ya tenti, ochokera pa akakolo kufika m'chiuno. Kuvala kwake ndi nkhondo ya m'mawa uliwonse, ndipo mu Disembala thukuta lake losanena, koma madzulo ndimafika kunyumba ndikutha kuimirira n'kuphika. Mayi wa mafizo uja anandiphunzitsa kudzisisita pang'onopang'ono kukwezera m'mwamba. Nyengo yotentha, Loweruka ndikaweruka, ndimapita kudziwe losambira la ku Zoo Lake kukayenda m'madzi ofika pachifuwa, chifukwa madzi amafinya miyendo mofatsa ndipo mawondo sapweteka. Nsima ndinayambiranso, pamlingo wake. Dokotala ananenetsa kuti kunenepa kwa masiku onse kukawonjezeka pamwamba pa lipedema zinthu zimaipiraipira, ndiye ndimasamala, koma kudzipha ndi njala ndinasiya.

Ambiri mwafunsa chifukwa chake sindinachite opaleshoni yopopa mafuta ija amati liposuction. Ilipo, ndipo ambiri imawachepetsera ululu. Koma ine ndilibe medical aid, inshuwalansi ya zachipatala ija, ndipo mtengo umene anandiuza ndinauyika pambali pa fizi ya mwana wanga ndi malata a nyumba ya kumudzi. Ndinasankha mwana. Komanso ngakhale utachitidwa, ambiri masitonkeni amavalabe. Inu amene munandilembera kuti ndigule tiyi wanu wosungunula mafuta, chonde lekani kudyera pa ululu wa azimayi anzanu.

Chimene chikundisowetsa tulo tsopano ndi mtsikana wangayo. Wakwanitsa zaka 13, ndipo azakhali ake anandiuza kuti watha msinkhu mwezi wathawu. Lamlungu ndinamuimbira pa WhatsApp, tinacheza za sukulu, kenaka ndinamuuza kuti aimike foni pampando abwerere m'mbuyo ndimuone yense. Anaseka, akuti amayi mwatani kodi. Ndinamufunsa ngati miyendo imamupweteka mnzake akamugwira. Anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti nthawi zina. Tikiti ya basi ya mu Disembala ndagula kale ku Park Station, ndipo tepi yoyezera ili m'chikwama. Za ulendowo ndidzakuuzani ndikabwerako.