Mmene tayendera paboti kuchoka ku Inverness mpaka ku Banavie

Anzathu amene munatsala, tabwerako ku Caledonian Canal, ngalande yoyendamo maboti ku Scotland kuja. Boti tinachita kubwereka ku Inverness, kugona momwemo kuphika momwemo, ndipo asanatipatse makiyi anayamba atiphunzitsa kaye chiwongolero ndi kamangidwe ka zingwe.

Njira yonse ndi makilomita pafupifupi 97 koma ngalande yochita kukumba ndi gawo limodzi mwa magawo atatu basi, kwinako mumadutsa m'nyanja, Loch Ness, Loch Oich ndi Loch Lochy. Anaikonza ndi Thomas Telford ndipo inatsegulidwa mu 1822. Pa Loch Ness mantha anatigwirako ndithu, madzi akuda bii, pena kuya mamita pafupifupi 230, mphepo itangoyamba macheza onse anathera pomwepo aliyense ali chete ndi life jacket yake.

Koma ine chimene chinandigwira mtima ndi ma lock, zigawo za ngalande zokhala ndi zitseko zokwezera kapena kutsitsira maboti, ngalande yonseyi alipo 29. Ku Fort Augustus alipo 5 ondondozana ngati masitepe. Mumalowetsa boti, zitseko zikuluzikulu zija nkutsekeka kumbuyo kwanu, kenako oyang'anira amatsegulira madzi akumtunda ndiye amatulukira pansi akuwira, boti nkumakwera pang'onopang'ono inu mukungoona khoma lonyowa landere likutsika pambali panu. Injini imakhala yozima, awiri amatsika nkumakoka boti ndi zingwe kulowetsa mu lock yotsatira, wina kutsogolo wina kumbuyo. Apa mpomwe gulu limaonekera abale, wachingwe akangotayilira boti limapotoloka nkukagunda la eni ake. Mayi wina wa m'gulu lathu amene ankaopa madzi tsiku lonyamuka ndi amene anadzakhala katswiri woponya chingwe, manja atafiira koma osalola kulandiridwa.

Tikuyandikira Loch Oich tinali tikukwerabe, pamenepo ndiye pamwamba penipeni, mamita 32 kuchokera pa nyanja yamchere, kuchoka apo nkumatsika.

Ku Banavie tinamangirira boti kumtunda nkuyenda wapansi kukaona Neptune's Staircase, ma lock 8, boti limatha ola ndi theka kuti liwadutse onse, uku phiri la Ben Nevis likuonekera patali.

Amene mudzapite ulendo winawo tengani magolovesi ndi jekete ya mvula, komanso pulogalamu isadzakhale yothina chonde, ma lock ndi milatho yotembenuka kuti maboti adutse ili ndi nthawi yake yotsegulira, mukachedwa madzulo mugona pomwepo mpaka mmawa.