Mmene ndinasankhira mapatsi a kompyuta yanga ya magemu ndalama zili zochepa

Sabata ziwiri zoyambirira ndinangotaya nthawi, ndinene zoona. Usiku uliwonse ndili pa foni kuyerekeza mapulosesa, iyi ili ndi ma core angati, iyo ma GHz angati, mpaka mnzanga wina amene anamangapo makompyuta angapo anandifunsa kuti aise, sikirini yako ndi yotani, nanga ukufuna uzisewera chani? Ndinakhala kaye chete. Sikirini yanga ndi ya 1080p, ya 75Hz, ndipo yogulira ina ndinalibe. Apa mpamene mutu unayamba kuyenda bwino, chifukwa ukadziwa kuti uzisewera pa 1920 x 1080 wadziwanso khadi ya graphics, yopanga zithunzi za pa sikirini, imene ikukwanira, ndipo zina zonse zimangotsata khadiyo.

Ndiye ndinayambira pa khadi. Pafupifupi theka la ndalama zanga zinapita pamenepo ndipo mpaka pano sindidandaula. Ndinatenga Radeon RX 6600 ya AMD, inatuluka mu 2021, ili ndi 8GB ya memory yakeyake. Panali makhadi ena otchipirako a 4GB koma amenewo ndinawalambalala, magemu a masiku ano zithunzi zake ndi zolemera, 4GB imadzadza msanga kenako gemu nkumadukiza pomwe zafika pokoma. China chimene chinandikoka nchakuti khadi imeneyi siidya magetsi ambiri, 132W basi, ndipo imangofuna waya m'modzi wa 8-pin, zimene zinandipeputsira nkhani ya power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta, kutsogoloku.

Pa pulosesa mpamene ndinatsala pang'ono kugwa m'mbuna. Panali ziwiri zofanana maina, Ryzen 5 5600 ndi Ryzen 5 5600G, zonse za ma core 6 ndi ma thread 12, ndiye ine ndinkaona ngati ya G ndiyo yabwino poti ili ndi graphics mkati mwake, eti ukupeza ziwiri pa mtengo umodzi. Koma nditawerenga bwinobwino ndinapeza kuti malo amene anaika graphics aja anachotsapo zina. Ya G ili ndi L3 cache, memory yothamanga ya mkati mwa pulosesa, ya 16MB pomwe inzakeyo ili ndi 32MB, ndipo magemu amaikonda kwabasi cache imeneyi. Chinanso ya G imathera pa PCIe 3.0, njira yolumikizira khadi ndi pulosesa yochedwerapo kuposa 4.0, pomwe RX 6600 ili ndi ma lane, tinjira todutsamo data, 8 okha osati 16, ndiye ndi bwino ma lane ochepawo aziyenda pa PCIe 4.0 kuti khadi isapanikizike. Ngati mulibiretu ya khadi panopa ndipo mukufuna kuyamba kusewera timagemu topepuka mukusunga, ya G ndi nzeru ndithu. Koma ine khadi ndinali nayo kale m'mapulani, ndiye ndinatenga 5600 yopanda G. Imabwera ndi kula yake yoiziziritsa m'bokosi, pulosesa ya 65W ngati imeneyi siifuna zambiri, ndalama ya kula inatsala m'thumba.

Ena anandiuza kuti bwanji osangopita ku AM5, socket yatsopano ya AMD, poti socket ya AM4, malo amene 5600 imalowa pa bodi (motherboard), ndi yakale, inayamba mu 2016. Akunena zoona, njira ya AM4 imathera pa Ryzen 5000 ndipo ndikudziwa kuti tsiku lina ndidzasintha bodi, pulosesa ndi RAM pakamodzi. Koma AM5 imafuna RAM ya DDR5 yokhayokha, nditawonkhetsa bodi ndi RAM yake ndinaona kuti ndalamayo ichoka pa khadi, ndipo pa khadi sindinafune kukhudzapo. Ku mbali ya Intel kunali Core i5-12400F imenenso ndi yabwino, ndikanaipeza yotsikirapo ndikanatenga, ine za kukhala sapota wa kampani ndilibe nazo ntchito.

Motherboard ija musaithamangire. Bodi ya B450 imaoneka yotchipa ndipo imagwira ndi 5600, koma pokhapokha BIOS yake, kapulogalamu ka m'bodi koyatsa kompyuta, ikhale yatsopano, ndipo apa pali msampha woipa: ikakhala ndi BIOS yakale kompyuta siyaka nkomwe ndi pulosesa yatsopanoyo, ndiye kuti uchite update umafunika kubwereka pulosesa yakale, kupatula ngati bodiyo ili ndi kabatani kumbuyo kochitira update ndi flash disk popanda pulosesa. Ine ndinatenga B550 ya micro-ATX, ya PCIe 4.0, ndipo ndinaonetsetsa kuti pa bokosi pali kachizindikiro kakuti Ryzen 5000 Desktop Ready. Ndinasankha ya malo anayi a RAM kuti ndidzawonjezere. Za magetsi amitundumitundu ophethira aja sindinalipire ngakhale pang'ono, sawonjezera frame ndi imodzi yomwe.

RAM ndinagula 16GB ya DDR4-3200, koma timitengo tiwiri ta 8GB osati kamodzi ka 16GB. Tiwiri timayenda pa dual channel, njira ziwiri m'malo mwa imodzi, ndipo mtengo wake sumasiyana kwenikweni. SSD ndinatenga NVMe ya 1TB, yolowa pa M.2, basi. Ya 500GB ndinaisiya poti gemu imodzi yaikulu itha kudya kupitirira 100GB yokha.

Tsopano power supply, apa ndiye ndikupemphani ndithu. Ukafika pamenepa ndalama imakhala yatha, watopa, ndiye umayamba kuganiza kuti aaa kabokosi ka magetsi nkabokosi basi, nditenge kalikonse kolembedwa 600W. Ine ndinaona ndi maso anga kompyuta ya mnzanga uja itazima gemu ili mkati, kafungo ka waya wopsa kakutuluka kumbuyo, ndipo bodi inapita nayo limodzi. Inali power supply yopanda dzina yobwera ndi kesi, kuinyamula yopepuka ngati mulibe kanthu mkati. Chinthu chimenechi chalumikizidwa ku patsi iliyonse imene mwaivutikira, chikafa moipa sichifa chokha. Ndinawerengera, khadi 132W, pulosesa 65W kapena kupitirirako pang'ono ikatanganidwa, mafani ndi SSD ndi zochepa, eni ake a AMD amati 450W ikwana pa khadi imeneyi, ine ndinatenga 550W ya 80 Plus Bronze kuti pakhale mpata. Koma dziwani kuti 80 Plus ija imangonena za kusawononga magetsi, siikutsimikizira kuti zamkati ndi zolimba, ndiye ndinafufuzanso anthu amene anaitsegula nkuiyesa, ndi kuona kuti waranti yake ndi ya zaka zingati. Patsi imeneyi yokha ndi imene ndinakaniratu kugula yogwiritsidwapo kale.

Kesi ndinagula yogwiritsidwapo kale, chitsulo sichikalamba. Ndinangoyeza ndi tepi kutalika kwa malo a khadi nkuyerekeza ndi mamilimita olembedwa pa tsamba la khadiyo, komanso ndinafuna ya kutsogolo kwa mauna kuti mpweya uzilowa. Ndisanalipire chilichonse ndinalowetsa mapatsi onse pa webusaiti ya PCPartPicker kuti indiuze ngati pali zosagwirizana.

Tsiku lomanga ndinayamba ndi kuyesera kunja kwa kesi, bodi nditaigoneka pamwamba pa bokosi lake. Pulosesa ya AM4 timapini tili pa iyo yomwe, tambirimbiri tagolide toonda ngati tsitsi, umakweza kandodo ka socket, kulunjikitsa katirayango ka pakona ndi kanzake ka pa bodi, nkungoisiya igwere yokha osakankha. Manja ankanjenjemera. RAM ndinaika pa malo achiwiri ndi achinayi kuchokera ku pulosesa monga kabuku kananenera, kudina mpaka kumva kuti khe. Nditayatsa, mafani onse anazungulira koma sikirini ili bii, mtima unagunda kwambiri poganiza kuti ndapinda pini. Ndinazimitsa, kuyang'ana waya uliwonse mmodzimmodzi, mpaka ndinaona kuti HDMI ndailowetsa kumbuyo kwa bodi, pomwe 5600 ilibe graphics, kumeneko sikutuluka chithunzi. Nditaisamutsira pa khadi logo inabwera pompo.

Mu BIOS ndinapeza RAM ikuyenda pa 2133 osati 3200 imene ndinalipira, imafuna uyatse wekha setingi ya liwiro la RAM yotchedwa XMP, pa mabodi a ASUS amaitcha DOCP. Ndinayatsa, kusevera, kuyambitsanso, 3200 inaoneka. Kenako ndinazula zonse nkuyamba kumanga m'kesi, kuyambira ndi kachitsulo kotchinga mapoti kumbuyo kaja, kamene kamayenera kulowa bodi isanalowe.