Ngongole yomaliza ndabweza Lachisanu, zikomo nonse amene munandipirira

Lachisanu lapitali ndinatumiza ndalama yomaliza kwa alamu anga. Patha miyezi 27 chiyambireni nkhondoyi, ndipo lero palibenso buku la munthu aliyense limene muli dzina langa. Ndinkaganiza kuti tsikuli likadzafika ndidzalumpha kapena kulira, koma chimene chinandigwira ndi tulo. Ndinagona masanasana, foni ili poyera, osaitsekanso pakamwa poopa amene angaimbe. Ndikulemba pagulu chifukwa anthu amene anandinyamula ndi ambiri, ndipo ena mwa iwo sadziwa n'komwe kuti anandinyamula.

Mayi a kunyumba, ndiyambe ndi inu. Ngongole zinali zinayi, inu munkadziwa imodzi yokha, ya kubanki. Zinazo munazidziwa tsiku limene wa katapila anaimba foni ine ndili kosamba, inu n'kuyankha. Nditatuluka ndinakupezani mwakhala phee, ndipo ndinadziwiratu kuti lero kwagwa zake. Simunakuwe. Munatenga kope lakale la mwana wathu, mukudziwa lija lotsala masamba kumapeto, n'kujambula mizere inayi: kwa ndani, zingati, chiwongola dzanja, tsiku lobweza. Kenaka munandipatsa cholembera n'kunena kuti, "Bambo, lembani zonse. Ikatsala imodzi yobisika, pamenepo ndiye tiyambana." Ndinalemba dzanja likunjenjemera. Ya kubanki, ya katapila, ya pafoni, ya alamu. Titaphatikiza zinakwana malipiro anga a miyezi 5 osachotsapo kanthu. Ine mwini ngongolezo sindinaziwonkhetsepo chiyambire, chifukwa ndinkaopa nambalayo. Ndinkangokumba dzenje ili kuti ndikwirire lija, mwezi ndi mwezi, n'kumadzitcha wochenjera.

Wachiwiri ndi mnzanga wa kuntchito amene amawerengera ndalama. Achimwene, munataya nthawi yanu yopuma masana atatu kundiphunzitsa zimene ndinayenera kufunsa ndisanasaine pepala lililonse. Ndizibwereza pano mwina zithandiza wina. Wa katapila ankanditchaja 10 peresenti pamwezi, ndipo ndikalephera ankaphatikiza chiwongola dzanjacho pa ngongole. Ine ndinkati 10 ndi kanambala kakang'ono. Inu munalemba 100 papepala. Mwezi woyamba 110, wachiwiri 121, wachitatu 133, chaka chikamatha 314. Munandipatsanso kanjira kachidule: gawa 72 ndi peresenti ya chiwongola dzanja, yankho lake ndi nthawi imene ngongole imawirikiza kawiri. Pa 10 peresenti pamwezi, ndi miyezi 7 ndi masiku ochepa basi. Nditaona zimenezo thukuta linatuluka ngakhale kunali kozizira.

China chimene munandionetsa ndi kusiyana kwa chiwongola dzanja chowerengera ndalama yonse imene unabwereka ndi chowerengera ndalama yotsala. Tiyerekeze wabwereka 1,200, kaya ndi ndalama ya dziko liti, pa 20 peresenti pachaka, ndipo ukubweza 100 mwezi uliwonse kwa chaka chimodzi, chiwongola dzanja chili chapadera. Akamawerengera ndalama yonse ya poyamba, chiwongola dzanja chimakwana 240. Akamawerengera yotsala yokha, chimakwana 130. Pakamwa onse awiri akuti 20 peresenti, koma m'thumba mwako mukutuluka zosiyana pafupifupi kawiri. Ine ndinali ndisanamvepo, munthu wamkulu wa ana atatu.

Mwezi woyamba sitinadule kanthu. Mayi a kunyumba anati tiyambe taona kumene ndalama ikuthawira, choncho tinkangolemba chilichonse chotuluka, ngakhale kachenji. Ine ndinali ndi chikhulupiriro chakuti vuto ndi kuchepa kwa malipiro, ndipo n'zoona ndithu kuti ndi ochepa, koma kope linandichititsa manyazi. Chakudya chogula masana kuntchito. Bandulo ya intaneti yogula pang'onopang'ono, imene imadula kuposa ya mwezi wonse. Galimoto yahayala chifukwa chodzuka mochedwa. Zinthu ziwiri zimene ndinalembetsa kalekale, zomangodzidulira ndalama mwezi ukatha ine osazigwiritsa ntchito. Chindapusa chochedwa kubweza. Ndalama yodulidwa nthawi iliyonse ndikatapa, pomwe ndinkatapa kasanu pasabata. Palibe chimene chinali chachikulu pachokha, koma pamodzi zinkadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a malipiro anga. Zambiri mwa izo zinali zanga, osati za mkazi wanga amene ndinkamunena mumtima kuti ndi wowononga. Mayi, pa zimenezi ndapepesa kale kumbali, ndikupepesanso pano.

Tinayesako bajeti yotchuka ija yoti 50 peresenti ipite ku zofunika, 30 ku zokhumba, 20 kusunga ndi kubweza ngongole. Kwa ife sinakwane, lendi ndi fizi zokha zinkadutsa theka. Tinangotenga maenvulopu anayi n'kulemba: nyumba, chakudya, mayendedwe ndi sukulu, ngongole. Malipiro akangolowa, envulopu ya ngongole inkadzaza yoyamba, tsiku lomwelo, ndalama isanayambe kundiyabwa m'manja. Envulopu ikatha yatha, yobwereka kwa inzake kulibe. Komabe tidziwane, kudula tizinthu ting'onoting'ono pakokha sikukanatitulutsa. Chimene chinasuntha phiri ndi kusamuka. Tinachoka m'nyumba ya zipinda zitatu kupita ya ziwiri, ndipo ndalama ya lendi imene inatsala inkapita yonse kwa wa katapila.

Ana anga, apa ndi panu. Munagona atatu chipinda chimodzi zaka ziwiri. Wamkulu iwe, unasiya kupempha nsapato zimene anzako onse anali nazo, ndipo ndinaona tsiku lina ukupaka polishi zakale zija mpaka kubisa pong'ambika. Sunanene kanthu, inenso sindinanene, koma ndinaona. Wamng'ono iwe unasanduka wapolisi wa magetsi, kuzimitsa ngakhale ine ndili momwemo. Tinakuuzani zoona kuti bambo ali ndi ngongole, ndipo ena anatidzudzula kuti nkhani zotere si za ana. Ine ndikuti mwana amene wauzidwa chifukwa amapirira bwino kuposa amene akungomva "palibe" tsiku lililonse osadziwa kuti kwagwanji.

Panali mkangano wa ngongole yoyamba kuiphula. Mayi ankafuna tiyambe ndi yaing'ono kwambiri, ya pafoni, kuti tione mzere umodzi utafufutidwa, mtima ulimbe. Mnzanga uja ankati yambani ndi ya chiwongola dzanja chokwera, ndiyo ikukudyani usiku mukugona. Njira zonse ziwiri zimagwira, yoyamba imalimbitsa mtima, yachiwiri imapulumutsa ndalama zambiri. Ife tinasankha yachiwiri chifukwa katapila sanali woti n'kumusiya akuswana. Zinazo tinkangopereka kochepa koyenera kuti chindapusa chisabwere. Katapila anatha m'mwezi wa 9. Ndalama imene inkapita kumeneko sitinaibwezere m'nyumba ayi, tinaiwonjezera pa ya pafoni, imene inagwa m'miyezi iwiri yokha, kenaka zonse pamodzi tinazilozetsa kubanki.

Ndisaname kuti zonse zinayenda myaa. M'mwezi wa 12 mwana anadwala, ndipo tinalibe kalikonse kapambali, popeza ndalama yonse tinkaithira ku ngongole. Usiku umenewo chala changa chinafika pa batani lobwerekera pafoni. Ndinabwereka ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti m'mawa ndinaulula ndekha, tisanamwe n'komwe kanthu, ndipo inalowa m'kope ngati zinzake. Kuyambira pamenepo panabwera envulopu yachisanu, ya zadzidzidzi. Inachedwetsa ulendo wathu ndi miyezi ingapo, koma inatiteteza kawiri konse pambuyo pake. Ndikanati ndiyambirenso, imeneyi ndikanaiyamba tsiku loyamba.

Mayi wa kubanki amene munandilandira tsiku lija, dzina lanu sinditchula, koma zikomo. Ndinabwera ndikuyembekezera kunyozedwa, inu munandikhazika pansi n'kundisindikizira sitetimenti yonse. Munandiuza mosabisa kuti kutalikitsa nthawi yobweza kumachepetsa ya pamwezi koma kumachulukitsa chiwongola dzanja chonse, ndipo munandionetsa pamene panalembedwa za kubweza msanga kuti ndidziwe ngati pali chilango. Munthu akathawa womukongoza amaganiza kuti akupuma, pamene ngongole ikukula. Ine ndinathawa chaka chathunthu zinthu zoti tinazikambirana m'mphindi 40.

Anzanga amene ndinakukanani maulendo ndi macheza a Loweruka, ena munamvetsa, ena munati ndayamba kudzimva, ena munati ndikulamulidwa ndi mkazi. Omalizawa simunalakwitse kwenikweni, ndipo zandithandiza. Amene munkabwera kudzacheza kunyumba kwathu kopanikiza kuja, osafunsa chifukwa chimene tasamukira, ndinu amene ndikukuwerengani. Amayi anga, inu munangoti, "Mwananga, ngongole siwola, ibweze," ndipo kwa zaka ziwiri simunandipemphe kanthu ngakhale ndikudziwa kuti zosowa zinalipo. Mwezi uno ndikubwera.

Alamu, ndakusiyirani kumapeto monga mmene ndinachitira ndi ndalama yanu. Yanu inalibe chiwongola dzanja, ndiye masamu anati idikire, koma masamu sadziwa kuwawa kwa kuona mlamu wako akubweza anthu achilendo iwe uli chidikirire. Nditabwera kudzakufotokozerani, munapempha kuona kope. Munaliwerenga tsamba ndi tsamba, n'kunena kuti ndimalize kaye enawo. Miyezi yonseyi simunanditumizire uthenga wokumbutsa ngakhale umodzi, ndipo pamaso pa abale simunatchulepo. Lachisanu ndalama italowa munangoyankha kuti, "Zafika, alamu."

Envulopu ya ngongole sitinaitaye. Mayi a kunyumba afufuta dzinalo n'kulembapo "fizi ya chaka chamawa", ndipo akuti kope lipitirira, Lamlungu lililonse madzulo monga kale. Alamu, Loweruka likubwerali mubwere ndi banja lonse kudzadya nafe. Musade nkhawa, ndafunsa kale, zalembedwa m'kope.