Tikamati munthu ali ndi kuthekera

Mawu akuti "kuthekera" afala kwambiri masiku ano, moti pa wailesi, m'matchalitchi ndi pamisonkhano ya achinyamata sipatha tsiku osawamva. Tsinde lake ndi mneni "kutha", umene umabala "kutheka", ndipo kuthekera ndi mphamvu imene ili mwa munthu kapena chinthu koma sinaonekere poyera. Chofunika kuchizindikira n'chakuti m'mawu akuti "kutheka" wochita satchulidwa, pakuti tikati "zitheka" sitinanene amene adzazichite, ngakhalenso tsiku limene zidzachitike.

Apa ndi pamene kuthekera kumasiyana ndi luso. Luso limaoneka ndi maso, chifukwa mmisiri akakhoma mpando aliyense akhoza kuukhalira n'kumva yekha kuti sukugwedera. Mphatso nayo imaloza kwa amene adaipereka. Koma kuthekera kulibe umboni wogwirika, ndipo kumadalira munthu woleza mtima amene angakuzindikire ena onse asanaone kanthu, monga akuluakulu adanenera kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwachitsanzo, William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, yemwe adabadwa mu 1987, adasiya sukulu ya sekondale pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake adalephera kulipira fizi. Iye ankabwereka mabuku a sayansi mulaibulale yaing'ono ya kwawoko, ndipo pogwiritsa ntchito njinga yakutha, dayinamo, mapaipi apulasitiki ndi mitengo ya bulugama, adamanga makina oyendera mphepo amene adayatsa magetsi pakhomo pawo. Pamene ankatoleza zitsulo zotayidwazo, anthu ambiri ankamuyesa wamisala. Mu 2007 adakalankhula pa msonkhano wa TED, womwe anthu amafotokozerapo nzeru zawo zatsopano, ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo mu 2014 adamaliza maphunziro ake kusukulu ya ukachenjede ya Dartmouth College ku America. Lero n'chapafupi kunena kuti mnyamatayo adali ndi kuthekera, koma mawuwo adali ofunika kwambiri pamene adali wodetsedwa ndi dzimbiri m'manja, asanayatse babu ngakhale limodzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mmene tikuwagwiritsira ntchito mawu amenewa opanda chowatsatira. Timauza achinyamata kuti "muli ndi kuthekera" n'kulekera pomwepo, ndipo kawirikawiri timatero pofuna kutonthoza amene tilibe chomupatsa. Chichewa chenicheni chimafuna kuti tipitirize chiganizocho n'kunena kuti ndi kuthekera kochita chiyani. Mphunzitsi akauza mtsikana kuti ali ndi kuthekera kodzakhala katswiri wa masamu chifukwa wapeza yankho m'njira imene sanaphunzitsidwe, ndiye kuti wayang'ana m'kope mwake mosamala, ndipo wadzimanga yekha kuti mawa amubweretsere funso lovutirapo, amupezere buku la kalasi yapatsogolo, ndiponso akalankhule ndi makolo ake ngati ayamba kujomba.