Kadzidzi wanga anapsera m'jekete

Anzanga amene mukufalitsa mbiri yakuti ndinagwidwa usiku ndikulira maliro a kadzidzi, chonde muziyamba mwanena kuti kadzidziyo anali wa papepala. Nkhaniyi pofika kumsika wa Ulongwe inali itakula kale moti mayi amene ndimagulako mbatatesi anandibwezera ndalama zotsala pochita kuziika pansi, kuopa kukhudza dzanja langa.

Ambiri a inu mukudziwa kuti Loweruka madzulo timasewera Dungeons & Dragons, masewera aja amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974, oti anthu akuluakulu amakhala patebulo ndi mapepala, mapensulo ndi madayisi n'kumadziyesa ngwazi za m'nthano. Ine ndimasewera ngati katswiri wa matsenga, ndipo malamulo a mu 2014 amene timatsatira amalola munthu wotere kukhala ndi kanyama komuthandiza. Kuti kanyamako kabwere, katswiriyo amawotcha makala, lubani ndi zitsamba za ndalama 10 zagolide m'mbaula yamkuwa kwa ola lathunthu, ndipo zonsezi zimachitika pakamwa pokha, popanda ndi utsi womwe. Ndinasankha kadzidzi pa zifukwa zomveka. Amaona mumdima, ukhoza kumutuma kutsogolo n'kumaonera m'maso mwake, ndipo pankhondo amaulukira mdani, kumusokoneza kuti mnzako amenye bwino, n'kuthawa mdaniyo asanamubwezere. Vuto lake ndi limodzi. Mphamvu za moyo wake ndi 1 yokha, moti mdani akangomukhudza ndi nsonga ya muvi, basi wapita, ndipo ndalama 10 zija uyenera kuzifunanso.

N'chifukwa chake nkhondo ikavuta ndinkamulowetsa m'jekete. Mnzathu wa ku Moatize, amene amakonda kuwerenga malamulo mokweza ngakhale palibe wamufunsa, amanena kuti ndikanangomubweza kumalo ake obisika kumene palibe chingamupeze. Zimenezo n'zoona, koma kuchita zimenezo kumadya nthawi yako yomenyera, ndipo munthu amene wazunguliridwa ndi mafupa oyenda m'manda a mfumu yakale sangataye nthawi yake yomenyera posamala mbalame. Jekete ndinkaliona kukhala nzeru yaulere, ndipo mestre wathu, amene amayendetsa nkhani yonse, anali asanaletsepo.

Usiku umenewo kunali kozizira monga kumakhalira kuno ku Angónia mwezi wa Julayi, magetsi anali atazima, ndipo tinakhala mozungulira kandulo, mbaula ya makala ili pansi pa tebulo. Mlamu wanga, mng'ono wa akazi anga, ataona kuti mafupa aja andipanikiza pakona, anaganiza zondipulumutsa poponya mpira wamoto, umene umapsereza chilichonse pamtunda wa mamita 6 kuzungulira pamene wagwera. Pamene unagwera panali pamapazi panga. Mestre anati ine ndapsa koma ndili moyo, kenako anandiyang'ana mwachifundo n'kufunsa kuti kadzidzi ali kuti.

Apa m'pamene ndinaima kuti nditeteze mlandu wanga, ndipo mpaka lero ndikunena kuti unali mlandu wabwino. Lamulo la motowo limati umayatsa zinthu zimene munthu sanavale kapena kunyamula. Kadzidzi ndinali nditamunyamula, komanso anali m'kati mwa chovala, choncho anali wotetezeka kawiri. Mestre anayankha kuti lamulolo likunena za katundu, ndipo kadzidzi si chikwama koma cholengedwa, ndiponso moto umenewo umakhota m'makona, ndiye sungalephere kulowa pa mabatani a jekete. Anandiuza kuti ndiponye dayisi ya mbali 20 kuti tione ngati mbalameyo ingazinde. Wa ku Moatize anawonjezera mosafunsidwa kuti kuponyako n'kungotaya nthawi, popeza motowo umawerengedwa ndi madayisi 8, ndipo ngakhale onse atagwa pa 1, wozinda amapsabe ndi theka la motowo, ndipo theka la 8 ndi 4, pamene mbalame yanga ili ndi 1.

Chimene ndinali nditaiwala m'mkangano wonsewu n'chakuti apongozi anga anali atafika masana kuchokera ku Domwe ndi thumba la nyemba, ndipo anagona m'chipinda choyandikana nafe, m'nyumba ya lendi imene khoma lake silifika kudenga. Tsono taganizirani zimene mayi wachikulire, wa m'gulu la amayi a kutchalitchi, anamva ali pamphasa pakati pa usiku. Anamva mkamwini wawo akufuula kuti, "Mwandiphera kadzidzi wanga, alamu! Ndakhala ndikumusunga m'jekete nthawi yonseyi! Nditumanso ndani usiku kukandionera m'nyumba za anthu? Lubani ndi zitsamba zomudzutsira ndizipeza kuti?" Kenako anamva mwana wawo wobereka yekha akuyankha modekha kuti, "Musadandaule, alamu, tikamaliza kufukula manda awa tigawana zimene tipezemo, mugula zitsambazo." Pomaliza anamva mawu a mlendo akuti tifulumire chifukwa mafupa ayambanso kudzuka.

Chitseko chinatseguka nthawi yeniyeni imene dayisi inachoka m'manja mwanga. Apongozi anaima pakhomo atafunda chitenje kumutu, korona ali m'dzanja limodzi, tochi ya foni ili m'dzanja linalo, ndipo kuwala kwake kunayenda pang'onopang'ono pa nkhope za amuna anayi, pa kandulo, pa mbaula, pa pepala lojambulidwa mizere ndi zigaza, ndi pa timiyala tamanambala tomwazika patebulo ngati maula a sing'anga. Palibe anapuma. Chinthu chokhacho chimene chinkayenda m'nyumbamo chinali dayisi yanga, imene inagubuduka kudutsa pepala lonse, inagunda kapu ya tiyi, inazengereza m'mphepete mwa tebulo, kenako inagwa pasimenti n'kuyamba ulendo wopita kukhomo. Inkalira kuti ke, ke, ke, ndipo tonse asanu tinkaitsatira ndi maso. Inadutsa mwendo wa mpando, inazungulira nsapato ya mlamu wanga, inachepetsa liwiro, ndipo inakaima itatsamira chala chachikulu cha phazi la apongozi anga.

Mkamwini woleredwa bwino sayang'ana apongozi ake kumaso, choncho ndinagwada n'kuzyolika, monga mwambo umafunira. Kuzyolikako n'kumene kunandionetsa nambala. Inali 20. Chaka chonse ndakhala ndikuponya 3 ndi 4, anzanga akundiseka, ndipo 20 woyamba anabwera kudzagona paphazi la mayi amene anandipatsa mkazi. Mulungu ndi mboni kuti ndinayesa kudzigwira. Koma ndili chigwadire, ndinatembenuza khosi pang'ono n'kufunsa mestre monong'ona ngati dayisi yogwera pansi timaiwerengera. Iye, ali njenjenje, anayankha monong'onanso kuti timaiwerengera, koma kadzidzi wafabe.

Apongozi sanalankhule nane. Anaitana mwana wawo wamkazi, amene anafika akutikita m'maso, n'kumuuza kuti, "Tawafunsa bambo a kunyumba kwakowa kuti mbalameyo ili kuti." Ndinayankha kudzera mwa akazi anga, mwaulemu wonse, kuti, "Auzeni amayi kuti asade nkhawa, si kadzidzi weniweni ayi, ndi mzimu chabe umene umavala thupi la kadzidzi." Zimenezi n'zimene malamulo amanena ndendende, ndipo ndinkaganiza kuti ziwakhazika mtima pansi. Nditaona korona akukwera kufika pachifuwa, ndinawonjezera kuti mzimuwo sufa n'komwe, umangozimirira osasiya mtembo, ndipo ndikawotcha zofunika umabweranso. Akazi anga anasiya kumasulira. Mlamu wanga, amene anayambitsa moto wonsewu, anali atatulukira kale pawindo la kukhitchini, ndipo wa ku Moatize, kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, analibe lamulo loti awerenge.

Ankhoswe anakhala pansi Lamlungu lotsatira. Amalume anga anakwera chapa atavala jekete la kumaliro, ndipo atafika anayamba apempha kuti ine ndivule langa aliyang'ane m'matumba. Anapezamo pensulo, chiphaso ndi mtedza wokazinga. Ndinabweretsa buku la malamulo kuti likhale mboni yanga, koma pachikuto pake pali chimphona chozunguliridwa ndi moto, moti linatsekedwa lisanatsegulidwe bwino. Chinandipulumutsa ndi mdzukulu wa ankhoswe a kuchikazi, mnyamata wa kusekondale, amene anafotokoza kuti zili ngati sewero la pa wailesi lopanda omvera, ndipo akuluakulu anagwirizana kuti si ufiti koma ulesi, chigamulo chimene ndinachilandira ndi manja awiri. Anatilamula kuti tizisewera masana, pakhonde, anthu akuona.

Chotsala chinali kusankha kanyama kena, popeza dzina la kadzidzi linaletsedwa pakhomo panga. Nditayang'ana mndandanda ndinapeza mleme, njoka, khwangwala, chule, mphaka, kangaude, khoswe ndi buluzi, ndipo ndikukhulupirira kuti amene anaulemba sanakhalepo ndi apongozi a ku Domwe. Panopa ndili ndi nkhanu. Siuluka, imayenda cham'mbali, ndipo ndikaituma kukazonda adani imabwera nkhondo itatha, koma mphamvu za moyo wake ndi 2, kuwirikiza kawiri za malemu uja. Ndimaisungabe m'jekete, ndipo mlamu wanga tinamuletsa kuponya moto ine ndisanasunthe.